Mutu 6: Charles Mzingeli (1905–1980), meya wosavala mkanjo wa lokeshoni ya Harare

Chiyambi

Aphunzitsi anzanga, m'mutu uno muwerenga mbiri ya munthu mmodzi amene adatsogolera anthu akuda a mumzinda wa Salisbury pa nthawi ya atsamunda, zipani zikuluzikulu zomenyera ufulu zisanabadwe. Mukamaliza kuwerenga muyenera kutha kufotokoza momwe lokeshoni inkayendetsedwera, zimene a Mzingeli ankamenyera, ndi chifukwa chake anthu omwe adawakweza ndi omwenso adawagwetsa. Konzani kope lanu pafupi, chifukwa pali ntchito ziwiri zoti muchite ndi kutumiza kwa mlangizi wanu.

Ndiyambe ndi kuyesa kumene ndimachita kawirikawiri. Ndikakhala ndi kalasi ya akuluakulu ku Mbare, ku Highfield kapena ku Mufakose, ndimawapempha kuti atchule atsogoleri akale amene akuwadziwa. Maina amabwera msangamsanga: Mbuya Nehanda, Nkomo, Chitepo, Tongogara, Mugabe. Amene makolo awo adachokera kwathu amawonjezera Chilembwe ndi Kamuzu. Dzina la Mzingeli silituluka, kupatula pakamwa pa agogo mmodzi kapena awiri. Komatu kwa zaka pafupifupi khumi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, munthu wakuda wa mu Salisbury akakhala ndi vuto la nyumba, la chitupa kapena la bwana, khomo limene ankagogoda linali la bambo ameneyu. Ankatchedwa meya wa Harare, ngakhale kuti lamulo silinkalola munthu wakuda kukhala pa mpando wotero.

Dziko limene adabadwiramo

Mu Seputembala 1890 gulu la azungu otumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company, lidakweza mbendera pamalo amene adawatcha Fort Salisbury. Nkhondo za 1893 ndi 1896–1897 zitatha, dziko lonse lidali m'manja mwa kampaniyo. Taonani bwino apa: silinali boma lenileni koma kampani yofuna phindu, yokhala ndi apolisi ake, makhoti ake ndi misonkho yake. A Mzingeli adabadwa mu 1905, kampaniyo ikadalamulira, ndipo adakulira pa mishoni ya Akatolika kufupi ndi Plumtree, kumadzulo kwa dziko, pafupi ndi malire a Botswana wa lero.

Sukulu sadapite nayo patali. Ali ndi zaka pafupifupi 14 adachoka pamishoni nakagwira ntchito ku njanji, ndipo pambuyo pake adakafika ku Bulawayo. Zaka zimenezo ndi zimene azungu a m'dzikomo ankakangana za tsogolo lawo. Mu 1922 adavota kuti asaphatikane ndi South Africa, ndipo mu Okutobala 1923 Southern Rhodesia idakhala dziko la atsamunda odzilamulira okha, nduna yaikulu yoyamba ali Charles Coghlan. Pa pepala, munthu wa khungu lililonse akadatha kuvota. Koma ankafunika kukhala ndi chuma kapena malipiro ofika pamlingo woikidwa, komanso kudzaza yekha fomu ya m'Chingerezi. Akuda amene adakwanitsa zimenezi adali owerengeka. Ife amene timaphunzitsa akuluakulu kuwerenga tizikumbukira kuti fomu idakhalapo mpanda wotsekera anthu kunja.

Ku Bulawayo ndi kumene mbiri ya a Mzingeli imakumana ndi mbiri ya kwathu. A Clements Kadalie, Mtonga wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, adagwirako ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia asanatsikire ku Cape Town. Kumeneko mu 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule ICU, limene lidakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920. Mu 1927 munthu winanso wa ku Nyasaland, a Robert Sambo, adadzala nthambi ya bungweli ku Bulawayo. Boma silidachedwe, lidawapitikitsa m'dzikomo. Chaka chomwecho anthu ogwira ntchito pa mgodi wa Shamva, ambiri a iwo ochokera ku Nyasaland, adanyanyala ntchito, ndipo azungu adayamba kuwaona anthu akwathu ngati oyambitsa mapokoso. Koma mbewu ya a Sambo idamera. A Masotsha Ndlovu ndi anzawo adapitiriza ICU ku Bulawayo, mnyamata Mzingeli nalowa m'gulumo. Mu 1929 bungwelo lidamutuma ku Salisbury kuti akakhale mlembi wosonkhanitsa anthu. Adali ndi zaka 24.

Harare wa masiku amenewo

Pano tisasokonezeke ndi maina. Mzinda wonse unkatchedwa Salisbury mpaka 1982. Harare, kapena Harari, lidali dzina la lokeshoni ya anthu akuda kummwera kwa mzindawo, imene idakhazikitsidwa pamalopo mu 1907 ndipo lero timaitcha Mbare. Agogo athu akamati adapita ku Halale, dzina adalitenga pa lokeshoni imeneyi n'kulifutukula kuti litanthauze dziko lonse.

Ndipo adapitadi ambiri. Kwa zaka zambiri, mpaka cha m'ma 1950, anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury ochuluka sadali Ashona a m'midzi yozungulira ayi, koma obwera kuchokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ashona apafupi ankatha kugulitsa chimanga ndi ng'ombe n'kulipira msonkho, tsono sankathamangira ntchito za malipiro ochepa. Mchewa wa ku Dedza, Mngoni wa ku Ntcheu, Myao wa ku Mangochi kapena Msena wa ku Tete, amene adayenda masabata ambiri wapansi kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, adalibe kochitira kwina. Ankaphika m'makhitchini a azungu, kusesa misewu, kukumba ngalande ndi kunyamula zonyansa usiku. Eni dziko ankawatcha Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, pamene kumudzi amene sadabwerere ankatchedwa matchona. Chinyanja chinkamveka paliponse mu lokeshoni, m'mabungwe oikana maliro, m'mipingo, m'mizikiti ndi pabwalo la gule.

Maganizo a boma adali oti mzinda ndi wa mzungu, ndipo munthu wakuda ndi mlendo wobwera kudzagwira ntchito basi; ntchito ikatha, kapena mphamvu zikatha, azibwerera kumudzi. Malamulo adatsatana pofuna kulimbitsa maganizo amenewa. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 lidapereka pafupifupi theka la nthaka ya dziko kwa azungu, mizinda yonse ili m'gawo lawo. La Industrial Conciliation Act la 1934 lidalongosola mawu oti wantchito m'njira yosiya anthu akuda kunja, kotero kuti mabungwe awo sankadziwika pamaso pa lamulo. La Native Registration Act la 1936 lidakhwimitsa zitupa za m'tauni. Nduna yaikulu kuyambira 1933 mpaka 1953, Godfrey Huggins, ankakhulupirira poyera kuti mitundu iwiriyi izikula payokhapayokha. Lokeshoni inkayang'aniridwa ndi mzungu wa khonsolo ya mzinda ndi apolisi ake, ndipo anthu adamupatsa dzina limene Mchewa aliyense angalimve popanda womasulira: Katsekera.

M'malo otere ndi momwe mnyamata wochokera ku Matabeleland adayamba kuitanitsa misonkhano ya ICU. Uthenga wake udali wakuti wantchito ndi wantchito, kaya ndi Mzezuru, Mndebele, Mchewa kapena Msena, ndipo kuti kugawikana m'mitundu kukupindulitsa olemba ntchito. Apolisi a CID ankakhalapo pamisonkhanoyo n'kumalemba zonse, ndipo chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene akatswiri a mbiri amadziwa za misonkhano imeneyi zimachokera m'mapepala a apolisi omwewo. Koma nthawi idali yoipa. Chuma cha dziko lonse lapansi chidagwa kuyambira 1929, ntchito zidasowa, munthu wowopa kuchotsedwa sakadaonekera pamsonkhano, ndipo ku South Africa ICU ya a Kadalie idali itang'ambika kale. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1930 ICU ya mu Rhodesia idazilala.

A Mzingeli sadabwerere kwawo. Adakhazikika mu Harare, nadzakhala ndi kagolosale kawo, ndipo adadziphunzitsa okha powerenga chilichonse chimene chidawafika m'manja: manyuzipepala a ku South Africa, mabuku a ndale za anthu apantchito, ndi malamulo enieniwo. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri adadziwana ndi kagulu ka azungu okonda zosintha zinthu mu Salisbury. Mmodzi wa iwo adali mayi wachitsikana, Doris Lessing, amene adadzalandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba mu 2007 ndipo adawatchula a Mzingeli m'mabuku ake. Adatsogoleranso nthambi ya anthu akuda ya chipani cha Southern Rhodesia Labour Party. Nkhani ya nthambi imeneyi idagawanitsa chipanicho cha m'ma 1944, chifukwa azungu ambiri apantchito sankafuna kukhala m'chipani chimodzi ndi akuda. Phunziro lidali lowawa, komabe a Mzingeli sadasiye kukhulupirira kuti pali azungu amene angathe kugwira nawo ntchito. Chikhulupiriro chimenechi muchisunge m'mutu, tidzachipezanso kutsogoloku.

Nkhondo ya nyumba

Nkhondo yachiwiri idabweretsa mafakitale ambiri mu Salisbury, ndipo anthu adakhamukira m'tauni kuposa kale. Nyumba zidachepa, mitengo ya zinthu idakwera, malipiro adatsalira. Mu Okutobala 1945 anthu akuda a ku njanji adanyanyala ntchito ndipo adapindulako. Mu 1946 a Mzingeli adadzutsa bungwe lakale lija ndi dzina latsopano, Reformed Industrial and Commercial Workers' Union, mwachidule RICU.

Chaka chomwecho nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo limene lidasandutsa RICU kukhala bungwe lalikulu: Natives (Urban Areas) Accommodation and Registration Act. Tiyeni tilione mofatsa, chifukwa mukalimvetsa lamuloli mwamvetsa moyo wonse wa a Mzingeli. Poyang'ana koyamba linkaoneka labwino, popeza linkakakamiza olemba ntchito kupezera antchito awo pogona, ndiponso linkavomera kuti wantchito angathe kukhala ndi mkazi wake m'tauni. Koma lidamangirira nyumba ku ntchito. Ntchito ikatha, denga lathanso. Wofuna ntchito ankapatsidwa chitupa cha masiku owerengeka, akalephera kuipeza azichoka. Amuna ambirimbiri adaunjikidwa m'mahositelo ngati a Matapi ndi Nenyere, angapo m'chipinda chimodzi. Ndipo mkazi wololedwa m'nyumba ya banja adali yekhayo amene ukwati wake udalembedwa ku boma.

Apa ndiye padagona nkhani. Mwamuna wochokera ku Nyasaland akapeza mkazi mu Salisbury, akadautenga kuti ukwati wa pepala? Ankhoswe ali kutali, malowolo amene akuchikazi akufuna sangawakwanitse ndi malipiro ake, mwinanso kumudzi adasiya mkazi wina. Mabanja ambiri tsono adali a mapoto, ndiye kuti mwamuna ndi mkazi ongogwirizana kuphikirana ndi kukhalira limodzi. Ena a mabanja amenewa adakhala zaka makumi awiri, ana n'kukula, koma pamaso pa lamulo mayi wa m'nyumbamo adali wosaloledwa. Onjezanipo amayi amasiye, amayi osiyidwa, ndi amayi odziimira paokha ogulitsa masamba, osoka, ochapa ndi ofulula mowa. Khonsolo itayamba kugwiritsa ntchito lamuloli mwamphamvu, chipikisheni chinkachitika m'bandakucha: apolisi kugogoda ndi ndodo, kuunika ndi tochi pansi pa bedi, kutulutsa amayi ndi ana panja.

Atsogoleri ena akuda, makamaka ophunzira ndi a mipingo, ankaona amayi otere ngati ochititsa manyazi lokeshoni, ndipo ena ankagwirizana nazo zoti achotsedwe. A Mzingeli adaima mbali ina. Kwa iwo funso lidali limodzi: kodi munthu wakuda ali ndi ufulu wokhala m'tauni ngati kwawo, kapena ayi? Ngati ali nawo, ndiye kuti mayi wa mapoto ali nawonso. Amayi adalowa RICU mwaunyinji, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mamembala adafika pafupifupi 7,000. Dzina lidali la bungwe la apantchito, koma kunena zoona lidali bungwe la anthu okhala mu lokeshoni, lomenyera denga, chitupa ndi ulemu.

Zida zawo zidali zotani? Msonkhano, kalata, nthumwi ndi khoti. Ankasonkhanitsa anthu mu holo ya lokeshoni, imene pambuyo pake idatchedwa Mai Musodzi Hall pokumbukira mayi Elizabeth Musodzi amene adayambitsa bungwe la amayi a mu Harare mu 1938. Ankafotokozera anthu zimene lamulo likunena ndi zimene silikunena, kulemba madandaulo ku khonsolo, ku boma, ku manyuzipepala ndi kwa abwenzi a ku Britain, ndi kuperekeza anthu kumaofesi. Adalowanso mu Advisory Board ya lokeshoni, bungwe losankhidwa ndi anthu koma longolangiza chabe, lopanda mphamvu yolamula ngakhale kukonza mpopi. Kwa zaka zingapo anthu a RICU ndiwo ankapambana zisankho za bungweli. A Mzingeli ankadziwa bwino kuchepa kwa mphamvu zake, koma ankaligwiritsa ntchito ngati guwa lolankhulirapo, pomwe mzungu wa khonsolo ankakakamizika kumva ndi kulemba zimene wamva.

Ndikamawerenga za ntchito imeneyi ndimaona mnzathu wa ntchito. Pa maphunziro athu a sukulu za kwacha tidaphunzitsidwa kuti munthu wamkulu saphunzira kuwerenga ndi mawu a m'buku la ana, koma ndi mawu amene akumusowetsa tulo. Mayi wina wachikulire amene ndidamuphunzitsa ku Mufakose sadabwere m'kalasi kudzawerenga nthano. Adabwera ndi khadi la nyumba, lolembedwa dzina la malemu mwamuna wake, ndipo ankafuna kudziwa yekha zimene lidalembedwa asanapite nalo ku ofesi. Mawu oyamba amene adawalemba bwinobwino adali dzina lake, achiwiri nambala ya nyumba. Anthu a RICU adali otero. Ndipo malemu bambo anga, amene adafika kuno kuchokera ku Dedza akali mnyamata, adasunga chitupa chawo chakale m'sutikesi mpaka tsiku la imfa yawo, ngakhale chidali chitasiya kugwira ntchito kalekale. Munthu amene adagwidwapo chifukwa chosowa pepala sataya pepala.

Ntchito 1

Imani kaye pano. M'kope lanu lembani ndime imodzi yofotokoza, m'mawu amene wophunzira wa zaka 12 angamve, momwe lamulo la 1946 lidamangirira nyumba ku ntchito ndi ku ukwati. Kenaka ganizirani dera limene mukuphunzitsa, kaya ndi pa esiteti, pa mgodi kapena m'tauni: kodi alipo mabanja amene pogona pawo pamadalira ntchito ya munthu mmodzi? Chimawachitikira ana n'chiyani pa sukulu ntchitoyo ikatha?

Sitiraka ya 1948

Mu Epulo 1948 sitiraka yaikulu idabuka ku Bulawayo, kumene dzina la a Benjamin Burombo lidamveka kwambiri, ndipo m'masiku ochepa idafalikira ku Salisbury ndi m'matauni ena. Ngakhale antchito a m'nyumba za azungu adasiya ntchito. A Mzingeli, monga atsogoleri ena ambiri a nthawiyo, sadaifune sitirakayi. Ankaopa kuti boma lipezerapo mwayi wophwanya mabungwe ndi kupitikitsa obwera, ndipo ankakhulupirira kuti zokambirana zikadatha kubala zipatso. Anthu sadawamvere. Ena amati apa adaonetsa mantha. Ine ndimaona munthu amene adaona ndi maso ake ICU yoyamba ikufa, ndipo sankafuna kuika pachiswe chimene adamanga. Koma n'zoonanso kuti khamu lidali patsogolo pa mtsogoleri wake, ndipo ichi chidali chizindikiro cha zimene zinkabwera.

Achinyamata afika

Mu 1953 chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba, likulu lake lili Salisbury, ndipo mawu a m'kamwa mwa olamula adali oti mitundu igwirizane. Mabungwe osakaniza mitundu adatchuka, monga Inter-Racial Association ndi Capricorn Africa Society, kumene akuda ophunzira ankamwa tiyi ndi azungu n'kumakambirana za tsogolo. A Mzingeli adalowa mu Inter-Racial Association. Kwa iwo uku kudali kupitiriza njira yawo yakale yofunafuna azungu omva. Kwa achinyamata a mu lokeshoni kudali kugulitsa mtundu. Kwathu ku Nyasaland mawu oti kapirikoni adasanduka chitonzo cha munthu wogwirizana ndi atsamunda, ndipo kunonso mphepo idali yomweyo.

Lokeshoni nayo idali itasintha. Lamulo la Native Land Husbandry Act la 1951 lidachepetsa minda ndi ziweto kumidzi, ndipo anyamata ambiri Achishona, ena ophunzira bwino, adalowa m'tauni ali ndi mkwiyo wa nthaka. Kwa iwo nkhani sidali ya chitupa kapena nyumba yokha ayi, koma ya dziko lonse: ndani alamule? Mu 1955 a James Chikerema, a George Nyandoro, a Edson Sithole ndi a Dunduzu Chisiza adayambitsa City Youth League. Onani kuti m'gulu limene lidadzagwetsa a Mzingeli mudalinso mwana wa kwathu: a Chisiza adali a ku Karonga, ndipo ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa India mu Salisbury. Boma lidawapitikitsira ku Nyasaland mu 1956, monga lidachitira ndi a Sambo zaka 29 m'mbuyomo.

Achinyamatawa ankalankhula mosaopa, kunyoza akuluakulu a boma ndi maina awo pamaso pa khamu, ndipo anthu ankasangalala. A Mzingeli ankawaona ngati ana osadziwa kumene zinthu zidachokera, ndipo pano pali cholakwa chawo chimene sitiyenera kuchibisa: adali munthu wosapirira kutsutsidwa. RICU adaiyendetsa ngati yawoyawo, sadakonze owalowa m'malo, ndipo aliyense wobwera ndi maganizo ena ankamuona ngati wofuna kuwalanda mpando. Mutu umodzi susenza denga. Achinyamata atalowa m'zisankho za Advisory Board adawagonjetsa anthu a RICU, ndipo bungwe limene lidali ndi anthu zikwi lidafota m'zaka zochepa.

Mu Seputembala 1956 Youth League idatsogolera anthu kunyanyala mabasi chifukwa cha kukwera kwa mitengo. Kunyanyalako kudagwira, ndipo kumakumbukiridwa ngati chiyambi cha ndale zatsopano. Koma usiku wina pa masiku amenewo zipolowe zidabuka, gulu la amuna lidathyola hositelo ya atsikana ya Carter House mu Harare, ndipo amayi angapo adagwiriridwa. Chifukwa chimene chinkanenedwa n'chakuti ena mwa iwo adakwera mabasi. Buku limene ine ndidaphunzira nalo mbiri lidatchula za mabasi, za Carter House lidadumpha. Ndikukupemphani kuti inu musadumphe, makamaka mukamaphunzitsa akuluakulu. Zaka zisanu m'mbuyomo amayi odziimira paokha adali msana wa bungwe lalikulu la mu lokeshoni. Tsopano adasanduka anthu okayikiridwa. Katswiri wa mbiri Timothy Scarnecchia, m'buku lake la 2008 lonena za ndale za Harare ndi Highfield kuyambira 1940 mpaka 1964, adaunika kwambiri kusintha kumeneku, ndipo ndi mmodzi mwa amene adabwezeretsa dzina la a Mzingeli poyera.

Kuchokera apa zinthu zidathamanga. Pa 12 Seputembala 1957, mu holo yomwe ija ya Mai Musodzi, Youth League idaphatikana ndi Congress ya ku Bulawayo n'kupanga African National Congress ya Southern Rhodesia, pulezidenti ali a Joshua Nkomo. Boma la Edgar Whitehead lidailetsa mu Febuluwale 1959, ndipo mwezi wotsatira Kamuzu ndi a Chisiza adamangidwa ku Nyasaland n'kudzatsekeredwa kundende ya Gwelo, Gweru wa lero. Padabwera NDP mu 1960, ZAPU mu 1961, ZANU mu 1963. Likulu la ndale lidasamukira ku Highfield. A Mzingeli, poona kuti alibenso malo, adayandikira chipani cholamula cha United Federal Party, ndipo apa ndi pomwe dzina lawo lidathera m'maso mwa anthu ambiri. Ankadandaula za kuopsezana ndi kukakamizana kumene kudalowa m'ndale za lokeshoni. Anthu sadafune kumva zimenezo kuchokera kwa munthu woyenda ndi Whitehead, ngakhale kuti mu 1963 ndi 1964 otsatira ZAPU ndi ZANU adamenyanadi ndi kutenthana nyumba mu Harare ndi Highfield.

Kodi tiwaweruze bwanji? Pa funso lalikulu achinyamata adalondola. Azungu ovota sadali okonzeka kugawana mphamvu: adachotsa Garfield Todd mu 1958 chifukwa chomuona wofewa, adasankha Rhodesian Front mu 1962, ndipo pa 11 Novembala 1965 Ian Smith adalengeza ufulu wa azungu okha. Makalata ndi nthumwi sizikadagwetsa boma lotero. Koma funso la a Mzingeli, loti ndani ali ndi ufulu wotcha tauni kwawo, silidayankhidwe ndi mbendera yatsopano. Ana ndi zidzukulu za obwera adakhala zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene adabadwiramo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 adatsegula njira ya unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Malamulo omwewo ndi amene adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndipo mu 2005, pa Operation Murambatsvina, nyumba ndi misika zidagwetsedwa ku Mbare ndi m'malo ena ambiri, lipoti la United Nations n'kuyerekeza kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera ndalama. Ambiri adauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mdzukulu wa mtchona wa ku Ntcheu, wobadwira ku Matapi, mudzi wake ndi uti?

A Mzingeli adakhala zaka zawo zomaliza kunja kwa ndale, nkhondo ya ufulu ikumenyedwa ndi anthu amene adali ana pamene iwo ankayamba. Adamwalira mu 1980, chaka chimene Zimbabwe idalandira ufulu.

Ntchito 2

Pezani munthu wachikulire m'dera lanu amene adakhalapo mu lokeshoni, m'komboni ya pa mgodi kapena pa famu nthawi ya atsamunda, kapena amene kholo lake lidapita ku Halale. Mupempheni chilolezo, ndipo mumuuze kuti dzina lake simulilemba. Mufunseni za mapepala amene ankayenera kuyenda nawo, za amene ankawawerengera makalata, ndi za kumene ankadandaula nyumba ikavuta. Ngati adasunga chitupa, khadi la nyumba kapena lisiti la lendi, muone ndi kujambula m'kope momwe lidalembedwera, koma musalitenge. Kuchokera pa zimene mwamva, sankhani mawu asanu amene mungayambire nawo phunziro la kuwerenga la akuluakulu, ndipo mufotokoze chifukwa chimene mwasankhira liwu lililonse. Tumizani masamba osapitirira atatu pamodzi ndi Ntchito 1.